Nsomba zingati m'madzi ochepa? Mafunso a thanki yagalasi ndi damu la kudimba

Pa Chonde m'boma la Mulanje ndi midzi yozungulira, anthu okonda kuweta nsomba alipo a mitundu iwiri. Ena ali ndi damu kudimba, momwe amawetamo makumba ndi chilunguni kuti apeze ndiwo ndi ndalama ya fizi. Ena, makamaka achinyamata ndi eni malo odyera kapena ogona alendo, aona pa foni thanki yagalasi momwe mukusambira tinsomba tamawangamawanga, ndipo mtima wakhumbira. Onsewa funso lawo ndi limodzi: ndiikemo zingati? Akalakwitsa, pafupifupi onse amalakwitsira mbali imodzi, yochulutsa.

Kodi thanki ya madzi amchere ingatheke kuno, kopanda nyanja yamchere?

Kutheka ingatheke, koma ndi ntchito yofuna ndalama ndi kupirira. Nyanja yamchere yomwe tayandikana nayo ili ku Mozambique, cha ku Quelimane, mutadutsa chipata cha Muloza ndi tauni ya Milange. Palibe amene angamatunge madzi kumeneko sabata ndi sabata, choncho oweta nsomba zoterezi amapanga okha madziwo. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yamchere imakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35. Mchere wa kukhitchini sungagwire ntchitoyi, chifukwa m'madzi a m'nyanja mulinso kashiamu, magineziyamu, potaziyamu ndi zina zambiri zimene nsomba ndi zamoyo za m'matanthwe zimadalira. Pamafunika mchere wopangidwira ntchitoyo, ndipo umachokera kunja.

Werengani nokha. Thanki ya malita 100 imadya mchere makilogalamu 3.5 poidzaza koyamba. Kenako sabata iliyonse mumachotsa malita 10 n'kuikamo atsopano, amene akufunanso magalamu 350. Pakhale pampu yoyendetsa madzi usana ndi usiku, chipangizo choyezera mchere, ndi chotenthetsera madzi, pakuti nsombazi zimafuna madigiri 24 mpaka 27 chaka chonse, pamene usiku wa Juni ndi Julayi ku Mulanje kuno umazizira kwambiri chiperoni chikafika.

Ngati ndalimba mtima, ndiike nsomba zingati m'thanki yaing'ono?

Zochepa kuposa momwe maso akukuuzirani. M'thanki ya malita 40, kansomba kamodzi kapena tiwiri ta mtundu wa goby, timene sitikula kupitirira chala. M'thanki ya malita 75, nsomba ziwiri za mtundu wa clownfish, zija zofiirira zokhala ndi mizere yoyera zimene ana amazidziwa chifukwa cha filimu ya Finding Nemo ya mu 2003. Thanki ikafika malita 100 kapena 120, nsomba zing'onozing'ono zitatu kapena zinayi zakwana.

Oweta nsomba akale anali ndi kawerengedwe kosavuta: masentimita 2.5 a utali wa nsomba pa malita 20 aliwonse a madzi amchere. Kawerengedweka n'kongoyambira chabe, koma kamathandiza mukakumbukira zinthu ziwiri. Choyamba, muwerenge utali wa nsomba ikadzakula, osati momwe ilili tsiku logula. Clownfish yogulidwa ili masentimita 3 imadzafika 8 kapena kupitirira. Nsomba yabuluu ija ya m'filimu yomweyo, blue tang, imagulitsidwa ili kakang'ono kokongola, koma imakula kufika masentimita 30, imasambira mothamanga tsiku lonse, ndipo imafuna malita mazanamazana. Kuiika m'thanki yaing'ono ndi kuizunza. Chachiwiri, muwerenge madzi amene alimodi. Mukaikamo miyala ndi mchenga, thanki yolembedwa malita 60 imatsala ndi madzi mwina malita 50.

Khalidwe la nsomba nalonso limaika malire. Clownfish zimayamba zonse ngati zazimuna, ndipo yaikulu pagulu ndiyo imasanduka yaikazi n'kutenga yachiwiri kukhala mwamuna wake. Yachitatu m'thanki yaing'ono imakhala yothamangitsidwa mpaka kufa.

Koma malo akuoneka kuti alipo. Chovuta n'chiyani kwenikweni?

Diso limaona malo osambira. Nsomba imafuna mpweya, ndiponso imafuna madzi amene sanaipe ndi zotuluka m'thupi mwake momwe.

Tiyambe ndi mpweya. Ife timapuma mumlengalenga momwe gawo limodzi mwa magawo asanu ndi okosijeni. M'madzi okosijeni ndi wochepa zedi. Pa madigiri 25, lita imodzi ya madzi opanda mchere imasunga okosijeni pafupifupi mamiligalamu 8, pamene ya madzi amchere imasunga osafika 7. Madzi akamatentha amasunga wochepa kuposa pamenepo, chonsecho nsomba ikatenthedwa ndi pamene imapuma kwambiri. Mpweyawo umalowera pamwamba, pamene madzi akumana ndi mlengalenga. N'chifukwa chake thanki yaitali chopingasa ndi yotakata imasunga nsomba zambiri kuposa yopyapyala yotalika chokwera, ngakhale malita ake ali ofanana.

Vuto lachiwiri silioneka n'komwe. Nsomba iliyonse imatulutsa amoniya kudzera m'ziwalo zake zopumira, ndipo chakudya chotsala chikamaola chimaonjezera amoniya yemweyo. Ameneyu ndi poizoni: amaononga ziwalo zopumira, nsomba n'kumabanika ngakhale mpweya ulipo. M'nyanja yaikulu amasungunuka n'kutha. M'thanki alibe kolowera. Chimene chimapulumutsa nsomba ndi mabakiteriya okhala pa miyala, mumchenga ndi m'sefa, amene amasandutsa amoniya kukhala nitrite, ndipo ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene ululu wake ndi wochepa ndipo amachoka mukamasintha madzi. Mabakiteriyawa ali ndi polekezera mphamvu zawo. Nsomba zikaposa zimene iwo angakwanitse kuyeretsera, amoniya amakwera ngakhale madzi akuoneka oyera mbee. Ndipo m'madzi amchere, momwe pH, muyezo woonetsa ngati madzi ali ndi asidi kapena ayi, imakhala pa 8.1 mpaka 8.4, amoniya yemweyo amapweteka kwambiri kuposa m'madzi a pH yotsika.

Thanki yaing'ono ndiyo yovuta kuposa yaikulu, ngakhale anthu amaganiza mosemphana. Madzi ochepa amatentha msanga, amazizira msanga, amaipa msanga. Kunja kukatentha madzi amaphwa koma mchere umatsala, ndiye otsalawo amawawa mchere kuposa muyezo. Pobwezera ophwawo mumathira madzi opanda mchere. Mukathira amchere mwaonjezera vuto.

Kodi ndingaziike zonse tsiku limodzi?

Ayi. Thanki yatsopano ilibe mabakiteriya aja. Amatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti achuluke, ndipo nthawi yonseyi thanki iziyenda yopanda nsomba, mukuponyamo tizakudya pang'ono kuti mabakiteriyawo apeze chodya. Mukayeza n'kupeza kuti amoniya ndi nitrite zafika pa 0, ikani nsomba imodzi kapena ziwiri, mudikire masabata awiri kapena atatu, kenako muonjezere. Zofatsa ziyambe kulowa, zaukali zibwere pomaliza.

Nanga magetsi akazima?

Funso limeneli kuno kwathu ndi lalikulu kuposa ena onse. Tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira namondwe Ana mu Januwale 2022, ataononga malo opangira magetsi a Kapichira. Pampu ikaima, madzi amaima, ndipo nsomba pamodzi ndi mabakiteriya amayamba kulimbirana mpweya wotsalawo. Thanki ya nsomba zochepa imapirira maola angapo. Yodzaza imatha kuphetsa zonse usiku umodzi. Choncho chiwerengero chilichonse chimene mwawerenga pa intaneti, cholembedwa ndi munthu wa ku dziko lomwe magetsi sazima, muchichepetse. Mukhalenso ndi kapampu ka mpweya koyendera batire kapena sola. Pakasowa zonsezi, tungani madzi a m'thanki momwemo ndi kapu, muziwathira kuchokera pamwamba mobwerezabwereza, ndipo musadyetse nsomba mpaka magetsi atayaka.

Bwanji osangoweta nsomba za m'nyanja yathu yomwe?

Amenewa ndiwo malangizo anga kwa aliyense woyamba kumene. N'zomvetsa chisoni kuti mwana wa ku Germany kapena ku America amadziwa maina a mbuna za ku Likoma ndi ku Nkhata Bay pamene mwana wa ku Mulanje sanazionepo zamoyo. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yoposa ya nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi, ndipo yambiri mwa mitunduyi sipezeka kwina kulikonse. Chifukwa cha nsomba zimenezi, boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park ku Cape Maclear mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowa m'gulu la chuma cha dziko lonse. Kuyambira zaka za m'ma 1970, malemu Stuart Grant ankatumiza nsombazi kunja kuchokera ku Senga Bay m'boma la Salima, ndipo lero zimaswana m'mathanki a m'maiko ambirimbiri.

Mbuna ndi nsomba za m'miyala. Zilipo zachikasu ngati nthochi yakupsa, zabuluu, za mizere yakuda, zamathothomathotho. Kukongola kwake n'kumene kumachititsa alendo ambiri kuganiza kuti ndi za m'nyanja yamchere. Sizifuna mchere wogula kunja. Zimafuna madzi ofunda, a madigiri 24 mpaka 28, ndi a pH yokwererapo, cha pa 7.8 mpaka 8.5. Apa anthu a ku Mulanje asamale: madzi otsika m'phiri amakhala ofewa, opanda laimu wokwanira, choncho ndi bwino kuika miyala ya laimu kapena zigoba za nkhono zophwanya m'sefa. Madzi a pampopi othiridwa klorini ayambe achotsedwa mankhwalawo asanalowe m'thanki.

Musakagwire nokha. M'dera la paki kugwira mbuna n'koletsedwa, ndipo malonda a nsomba zamoyo amafuna chilolezo cha Dipatimenti ya Zausodzi, motsatira lamulo la zausodzi. Gulani kwa amene ali ndi chilolezo kapena amene amaswetsa m'mathanki.

Ndinamva kuti mbuna zimafuna kukhala zambiri m'thanki. Sizikutsutsana ndi zomwe mwanenazi?

Munamva zoona, koma theka lake. Mbuna yaimuna imasankha mwala wake n'kumaulondera mwaukali. Mukaika zitatu zokha, yamphamvu imasankha imodzi n'kuithamangitsa mpaka kuipha. Zikakhala khumi ndi ziwiri kapena khumi ndi zisanu, ukali umagawikana, palibe imodzi yosenza nkhanza zonse. Theka limene anthu samva ndi ili: gulu loterolo limafuna thanki yosachepera mita imodzi ndi masentimita 20 m'litali, ya malita 200 kapena kuposa, miyala yambiri yobisalamo, sefa yamphamvu, ndi kusintha gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a madzi sabata iliyonse. Yaimuna imodzi ikhale ndi zazikazi zitatu kapena zinayi. Amoniya salekerera mbuna chifukwa choti ndi zakwathu.

Kadyedwe kake musakaiwale. Mbuna zambiri m'nyanja zimadya ndere zokanirira pa miyala. Mukazizoloweza chakudya cha nyama ndi mafuta zimatupa mimba n'kufa, ndipo matendawa oweta nsomba a kunja anawapatsa dzina la dziko lathu, Malawi bloat.

Ngati muli ndi thanki ya malita 40 kapena 60 yokha, mbuna zisiyeni kaye.

Ine ndilibe thanki, ndili ndi damu. Ndiikemo mbewu yochuluka bwanji?

M'damu timawerenga ndi kukula kwa pamwamba pa madzi, pakuti mpweya ndi dzuwa zimalowera pamenepo. Yezani mulitali ndi mulifupi, muchulukitse. Damu la mamita 20 ndi mamita 10 lili ndi masikweya mita 200. Ngati nsomba zanu zizidalira manyowa, madeya ndi masamba, ikani ziwiri kapena zitatu pa sikweya mita iliyonse, kutanthauza 400 mpaka 600 m'damu limeneli. Amene ali ndi chakudya chogula chokwanira nyengo yonse, ndi madzi oti angalowetse atsopano akafuna, akhoza kufika zisanu. Kupitirira pamenepo ndi ulimi wina, wa makina opopera mpweya kapena wa zikwere za pa nyanja monga zimene kampani ya Maldeco inaika ku Mangochi, komwe madzi a nyanja amadutsa okha n'kuchotsa zoipa.

Mlimi wa chimanga nkhaniyi amaimva msanga. Pamene njira ya Sasakawa inafika, yobzala njere imodzi pa phando, ambiri ankaona ngati akutaya malo, mpaka ataona kukula kwa zisononkho. Damu nalo lili ndi mulingo wa chakudya ndi mpweya umene lingapereke. Tiyerekeze kuti damu lanu, ndi manyowa ndi madeya amene muli nawo, lingatulutse makilogalamu 60 a nsomba pa nyengo imodzi. Mukaika 600, iliyonse ifika magalamu 100, nsomba yoti mayi pa msika wa Chonde aitenge m'manja n'kufunsa mtengo. Mukaika 2,000, kulemera konse kukhala komweko kapena kucheperapo, iliyonse magalamu 30, zogulitsa pa mulu. Mwalipira mbewu yochuluka kuposa katatu kuti mukolole zotsika mtengo.

Kuya kwa damu kukhale pafupifupi mita imodzi, mbali yotulukira madzi kuzameko pang'ono. Mtundu wa madzi ukhale wobiriwira, pakuti kubiriwirako ndi tizomera tating'onoting'ono timene makumba amadya. Pisani mkono mpaka pa chigongono. Chikhatho chikamaoneka bwinobwino, manyowa achepa. Chikasowa mkono usanafike n'komwe pakati, achuluka, ndipo muleke kuthira.

Ndinaika zochepa monga mwa malangizo, koma pokolola ndinapeza tinsomba tosawerengeka. Zinachokera kuti?

Zinabadwira momwemo. Makumba, amene akatswiri amawatcha Oreochromis shiranus, amayamba kuswana akadali aang'ono akakhala m'damu. Yaikazi imafungatira mazira ndi ana m'kamwa, ndipo masiku onsewo sidya, choncho sikula. Chilunguni chimaikira mazira pansi, makolo onse awiri n'kumalondera, ndipo chimaswa ana ambiri. Pakangopita miyezi itatu kapena inayi, damu la nsomba 600 limakhala ndi zikwi, zonse zikudya mbale imodzi. Ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene nsomba za m'madamu ambiri a kumudzi zimapinimbira, ndipo mlimi amada mbewu kapena madzi pamene vuto ndi kuchuluka.

Njira zilipo. Yodalirika ndi kuweta zazimuna zokhazokha, zomwenso zimakula msanga kuposa zazikazi. Mlangizi wa nsomba angakuonetseni kusiyanitsa kwake nsomba zikafika kukula kwa zala ziwiri kapena zitatu. Ina ndi kudutsa ndi ukonde wa maso aang'ono m'mbali mwa damu kawirikawiri, kuchotsa ana n'kuwaika m'kadamu kena kapena kugulitsa ngati mbewu. Ena amaikamo milamba yochepa kuti izidya anawo, koma iikidwe makumba atakula kale, apo ayi idzadya mbewu yomwe munagula. Ndipo pakatha miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu, phwetsani damu lonse, kololani zonse, liume, muyambirenso ndi chiwerengero chodziwika. Damu limene silinaphwetsedwepo zaka zitatu mwini wake sadziwa chomwe chilimo, ndipo mbewu yotengedwa mmenemo kawirikawiri imakhala nsomba zokalamba zopinimbira, zooneka ngati ana.

Ndidziwa bwanji kuti nsomba zachuluka kuposa madzi?

Pitani ku damu m'bandakucha, dzuwa lisanatuluke. Masana tizomera tobiriwira tija timatulutsa okosijeni, koma usiku timapuma ngati nsomba zomwe, kotero mpweya umatsikitsitsa kukamacha. Mukapeza nsomba zili yandayanda pamwamba, kukamwa kuli mwamba zikumeza mpweya, ndipo sizithawa mukaomba m'manja, damu lapanikizika. Lowetsani madzi atsopano, lekani manyowa ndi chakudya tsiku limenelo, ndipo chepetsani nsomba. Mlamba usakunamizeni: uli ndi chiwalo chopumira mpweya wa kunja, ndiye umakhala bwinobwino m'madzi amene makumba akufa.

Nthawi yoopsa ndi Okutobala ndi Novembala. Mwezi umene anthu amasonkhana pa Chonde ku mwambo wa Mulhako wa Alhomwe ndi mwezi womwewo umene madamu amaphwa, madzi amatentha, ndipo nsomba zoikidwa mvula itatha zafika polemera. Chiwerengero chimene chinali bwino mu Epulo chimakhala chochuluka mu Okutobala, chifukwa nsomba zakula pamene madzi achepa. Kololaniko zina nyengoyi isanafike. M'miyezi yozizira vuto ndi lina: madzi akatsika pansi pa madigiri 20 nsomba zimadya pang'ono, ndipo madeya othiridwa mwa chizolowezi amangoola pansi.

M'thanki zizindikiro zake ndi zofanana: kupuma mofulumira, kuunjikana pomwe pampu ikutulutsira madzi, zipsepse zong'ambika, kubisala, kukana chakudya.

Mbewu yabwino ndiipeza kuti, ndipo ndingasakanize ndi nsomba zochokera kwina?

Yambirani ku ofesi ya zausodzi ya boma la Mulanje, kumene angakulozereni alimi oswetsa mbewu odalirika. Malo akuluakulu a boma a kafukufuku wa ulimi wa nsomba, National Aquaculture Centre, ali ku Domasi m'boma la Zomba, ndipo ku Bunda, sukulu ya LUANAR imaphunzitsa ndi kufufuza za ulimi womwewu. Pogula, werengani mbewuyo pamaso panu, isankheni yofanana kukula, ndipo muinyamule m'mawa kusanatenthe. Mukafika, thumba kapena ndowa iyambe yakhala m'damu kwa mphindi 15 kapena 20, mukusakaniza madzi pang'onopang'ono, kenako nsomba zituluke zokha.

Za kusakaniza, samalani kwambiri. Mu 2020 matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS anabuka ku Mchinji n'kufalikira m'madamu ndi m'mitsinje ya chigawo chapakati, ndipo matenda otere amayenda ndi nsomba zamoyo, madzi ndi maukonde obwerekana. Nsomba yatsopano, ya damu kapena ya thanki, ikhale payokha masabata angapo isanakumane ndi zinzake. Boma sililola kuweta nsomba zachilendo monga tilapia ya ku Nile, chifukwa ikalowa m'madzi athu ikhoza kuswana ndi chambo ndi makumba n'kusokoneza mtundu wake. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anationetsa kuti damu la ku Mulanje likhoza kusefukira usiku umodzi, zonse za mkati n'kupita kumtsinje. Mtsinje wa Thuchila umathira mu Ruo, Ruo amathira mu Shire pa Chiromo, choncho nsomba yothawa m'damu kuno ikhoza kufika kutali. Nsomba ya m'thanki imene yakula kuposa malo ake, kapena imene mwatopa nayo, mupatse woweta mnzanu kapena muibweze kumene munaigula. Musaitaye mumtsinje kapena m'damu.